Kodi antchito akasiya magalimoto awo n'kumakwera basi imodzi, angagulitse ziphaso za kaboni?

Sabata yatha ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zolemba zanga, ndipo funso lawo landikhalitsa pansi masiku angapo. Mayiwa amayang'anira za ogwira ntchito pa kampani ina. Akuti chaka chino kampaniyo yayamba kubwereka basi yonyamula antchito 40 m'mawa ndi madzulo, ndipo antchito ena owerengeka agwirizana zomanyamulana pa galimoto imodzi mosinthanasinthana. Funso lawo analilemba motere: "Kodi tingathe kugulitsa ma carbon credit chifukwa cha utsi umene tachepetsa, kuti ndalamazo zizithandiza kulipirira basiyo? Nanga ngati n'zotheka, ndalamazo ndi za ndani, za kampani, za mwini basi, kapena za wantchito amene wasiya galimoto yake kunyumba?"

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa cha funsoli, ndipo ndikuyankhani mosapsatira. Malonda amenewa alipodi, ndipo mizinda ingapo inapezapo ndalama mwa njira imeneyi. Koma pa basi imodzi yokha, kuika ndalamazo pa bajeti yanu kungakhale kuwerengera madzi a mphutsi. Sindikunena izi pofuna kukugwetsani mphwayi, pakuti chimene mwayambacho n'chabwino kwambiri. Ndikufuna muone nokha mmene masamu ake amayendera.

Carbon credit, imene ine ndiziitchula kuti chiphaso cha kaboni, ndi umboni wolembedwa wakuti tani imodzi ya mpweya wa carbon dioxide, kapena mpweya wina wotenthetsa dziko mofanana nawo, sinapite m'mlengalenga chifukwa cha ntchito inayake. Wogula chiphasocho, kaya ndi boma kapena kampani, amachigwiritsa ntchito pochotsera pa mpweya umene iyeyo watulutsa. Choncho katundu amene akugulitsidwa pano ndi wachilendo ndithu, chifukwa ndi utsi umene sunatuluke. Palibe angaugwire kapena kuuika pa sikelo. Chimene chimachitika n'kuyerekeza zimene zachitikadi ndi zimene zikanachitika ntchitoyo ikanapanda kukhalapo, ndipo nkhani yonse yagona pa kuyerekeza kumeneku.

Tiyeni titenge basi yanuyo. Manambala a mtunda ndi a okwera ndangowapeka kuti tione chitsanzo, koma awiri awa ndi enieni: lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.3 a carbon dioxide, pamene ya dizilo imatulutsa pafupifupi 2.7. Tinene kuti wantchito amayenda makilomita 30 pa tsiku, kupita ndi kubwera, pa galimoto imene imamwa malita 8 pa makilomita 100 alionse. Ameneyo amatentha malita 2.4 pa tsiku, omwe ndi makilogalamu 5.5 a mpweya, ndipo pa masiku 230 ogwira ntchito pa chaka amafika pa tani imodzi ndi kagawo kochepa. Antchito onse 40 akanakhala kuti ankabwera aliyense pa galimoto yake, akanamatulutsa makilogalamu 220 pa tsiku. Basi nayo siyendera madzi. Ikayenda makilomita 30 omwewo, kuphatikizapo ena 10 amene imayenda yopanda anthu pochokera kumene imagona ndi pobwerera, n'kumamwa malita 30 pa makilomita 100, imatulutsa makilogalamu 32. Phindu lake likanakhala matani pafupifupi 43 pa chaka.

Koma kodi onse 40 anali ndi magalimoto? Ndikukayika. Mukawafunsa mmodzimmodzi, mwina mupeza kuti 12 okha ndi amene ankayendetsa, 20 ankakwera mabasi ena, ndipo otsalawo ankapalasa njinga kapena kuyenda pansi. Magalimoto 12 ndi makilogalamu 66 pa tsiku, ndipo tikachotsapo 32 a basi, patsala 34, omwe ndi matani osakwana 8 pa chaka. Amene ankakwera mabasi ena amawerengeredwa kagawo kochepa chabe, chifukwa utsi wa basi umagawidwa pa mitu ya okwera onse. Wanjinga ndi woyenda pansi aja sankatulutsa kalikonse, kotero kuwakweza basi sikuchotsa utsi uliwonse. Oyendetsa aja akanakhala asanu okha, basiyo ikanamatulutsa mpweya wochuluka kuposa magalimoto amene yawaimika. Pali china chimene anthu ambiri sachiganizira. Galimoto ija yasiyidwa kunyumba, makiyi ali pa tebulo, ndipo wina wa m'banjamo, amene kale ankakwera basi, tsopano akuitenga kupita nayo kuntchito kwake. Utsi uja sunathe, wangosamukira mu msewu wina, ndipo wofufuza woona mtima ayenera kuuchotsera pa chiwerengero chanu.

Tsono matani 8 ndi ziphaso 8. Pa msika umene makampani amagula mwa kufuna kwawo, ziphaso zambiri zimagulidwa pa madola ochepa chabe chimodzi. Kuti ziphasozo zituluke, pamafunika kulemba chikalata cha ntchito yonse motsatira ndondomeko yovomerezeka, kulembetsa ku bungwe ngati Verra kapena Gold Standard, ndi kulipira ofufuza oima paokha amene amatsimikiza zolembazo poyamba, kenako n'kubweranso nthawi iliyonse imene mukufuna ziphaso zatsopano. Zonsezi zimadya madola masauzande ambiri, ndipo mtengo wake sutsika kwenikweni chifukwa choti ntchito yanu ndi yaing'ono. N'chifukwa chake amene anapindulapo ndi malondawa ndi mizinda yonyamula anthu miyandamiyanda pa tsiku.

Mbiri yake inayamba ndi pangano la Kyoto, la mayiko lolimbana ndi kusintha kwa nyengo, limene linagwirizanidwa mu 1997 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2005. Panganoli linakhazikitsa ndondomeko yotchedwa Clean Development Mechanism, mwachidule CDM, imene inkalola mayiko olemera kugula ziphaso kuchokera ku ntchito za m'mayiko amene akutukuka kumene. Mu 2006, mabasi a TransMilenio a mumzinda wa Bogotá ku Colombia, amene amayenda m'njira zawozawo pakati pa msewu ndipo anayamba ntchito mu Disembala 2000, anakhala ntchito yoyamba ya zamtengatenga kulembetsedwa pansi pa CDM. Pofika mu 2011, sitima za mumzinda wa Delhi ku India zinali zitalembetsedwa kawiri. Koyamba kunali mu 2007, chifukwa cha mabuleki amene amabweza magetsi m'mawaya sitima ikamaima, ndipo kachiwiri kunali mu 2011, pa nkhani yomwe mwafunsayi, yochotsa anthu pa magalimoto ndi njinga zamoto kuti azikwera sitima. Ntchito yachiwiriyi inayerekezedwa kuti izichepetsa matani opitirira 500,000 pa chaka. Kuti adziwe amene asinthadi, ofufuza ankaima pa masiteshoni n'kumafunsa okwera kuti akanayenda bwanji sitima kapena basiyo ikanapanda kukhalapo, anachokera kuti, ndipo afika bwanji pa siteshonipo. Ngakhale ulendo wa pa taxi wochokera kunyumba kukafika pa siteshoni unkawerengedwa ngati utsi wa ntchitoyo.

Komabe, pa ntchito zoposa 7,000 zimene zinalembetsedwa pansi pa CDM, za mtengatenga sizinakwane ngakhale imodzi pa 100 iliyonse, pamene gawo limeneli limatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a carbon dioxide yochokera ku mafuta, malasha ndi gasi padziko lonse. Chifukwa china ndi chimene taona kale, kuti kuyeza chumuni chimodzi cha fakitale n'kosavuta poyerekeza ndi kutsata maulendo a anthu ambirimbiri amene aliyense ali ndi njira yake. Ku Bogotá komweko, ziphaso zimene zinatuluka m'zaka zoyambirira zinali zochepa kuposa zimene zinayembekezeredwa. Kenako mtengo unagwa. Chiphaso cha CDM chimene mu 2008 chinkafika pa ma euro pafupifupi 20 chinatsika mpaka pansi pa euro imodzi pofika kumapeto kwa 2012, ndipo amene anadalira ndalamazo anangoti kakasi.

Chifukwa chachikulu cha kuchepa kwa ntchito za mtengatengazi, m'mene ine ndikuonera, ndi funso limene chiphaso chilichonse chiyenera kuliyankha: kodi ntchitoyi ikanachitikabe popanda ndalama za ziphaso? Ngati yankho ndi inde, chiphasocho n'chachabe, ndipo chimaononganso, chifukwa wogulayo amapitiriza kutulutsa tani yake pamene palibe tani yatsopano imene yachotsedwa kwina. Njanji ya sitima za mumzinda imadya madola mabiliyoni, ndipo ndalama za ziphaso ndi kagawo kakang'ono kwambiri pa mtengo wotere, kotero n'kovuta kukhulupirira kuti mzinda unamanga njanji chifukwa cha izo. Funso lomweli linadzukanso pa mabasi a magetsi a mumzinda wa Bangkok, amene ziphaso zake dziko la Switzerland likugula kwa Thailand pansi pa gawo 6 la pangano lina la zanyengo, la Paris la 2015. Mabungwe ena a ku Switzerland anadandaula kuti mabasiwo akanagulidwabe, pamene eni ntchitoyo amakana zimenezo. Kwa inu Mayi, funsoli ndi lolemera kwambiri, chifukwa basi yanu yayamba kale kuyenda popanda ziphaso, ndipo mwina inabwera pofuna kuti antchito azifika pa nthawi yake. Wofufuza adzafunsa kuti chasintha n'chiyani. Chonde musalole munthu aliyense kukulemberani nkhani yosonyeza ngati basiyo inali pafupi kuima pamene sizili choncho.

Za antchito amene akunyamulana aja, masamu ake ndi omwewo. Anthu atatu amene onse ankayendetsa akalowa galimoto imodzi, magalimoto awiri achoka pamsewu, ndipo phindu ndi looneka, malinga ngati woyendetsayo sakuzungulira mtunda wautali powatenga anzakewo. Koma amene wakwezedwayo akakhala kuti wachoka m'basi, palibe chimene chachepa. Mawu akuti kuyendera limodzi amakoma m'khutu, ndipo makampani a taxi zoitanidwa pa foni amakonda kuwagwiritsa ntchito. Komatu mu 2020 bungwe la Union of Concerned Scientists la ku United States linapeza kuti maulendo a taxi zoterezi amatulutsa mpweya wochuluka ndi 69 peresenti kuposa maulendo amene awalowa m'malo, chifukwa galimotozo zimayenda mitunda yaitali zopanda wokwera, komanso chifukwa ambiri mwa okwerawo akanakwera basi, kupalasa njinga kapena kuyenda pansi.

Funso lanu lachiwiri, loti ndalamazo ndi za ndani, liribe yankho lobadwa nalo. Tani imodzi ingathe kukhala ndi eni anayi odzinenera: wantchito amene wasintha kayendedwe kake, mwini basi, kampani imene ikulipira, ndi boma limene limawerengera kuchepa kwa mpweya konse kwa m'dziko lake pa malonjezo ake a pangano la Paris. Chiphaso chimaperekedwa kwa amene walembetsa ntchitoyo, ndipo iye ayenera kuonetsa mapangano olembedwa osonyeza kuti enawo sadzaigulitsanso tani yomweyo. Chiphaso chikagulitsidwa kuti dziko lina lichiwerengere pa malonjezo ake, boma la kumene ntchitoyo ili liyenera kuvomereza ndi kuchotsa taniyo m'mabuku ake. Kampani yanu iganizirenso bwino pamenepa, chifukwa ikagulitsa taniyo, ufulu wodzitama nayo wapita kwa wogula. Maganizo anga ndi akuti wantchito asaiwalike pa kugawana kulikonse. Ndi iye amene akudzuka msanga kuti basi isamusiye, ndi iye amene wasiya ufulu wodutsira kusukulu ya mwana pobwerera, ndipo nthawi zambiri ndi foni yake imene imagwiritsidwa ntchito potsata maulendo ake ngati umboni. Ngati kampani ina idzabwera ndi pulogalamu ya pa foni yowerengera maulendo, antchito auzidwe momveka bwino zimene zikujambulidwa, amene adzazione, ndi kumene ndalama zikupita, ndipo wokana asaumirizidwe.

Njira imene ingakuthandizeni ndi yophatikizana ndi ena, pakuti mutu umodzi susenza denga. Malamulo a ziphaso amalola kuti ntchito zing'onozing'ono zambiri zilembetsedwe pansi pa ambulera imodzi, kotero kuti makampani ambiri, kapena bungwe loyendetsa mabasi a mzinda wonse, amagawana mtengo wa ofufuza. Wina akadzakuitanani ku gulu lotere, mufunseni ndondomeko yovomerezeka imene akutsatira, kaundula amene ntchitoyo yalembedwamo kuti mukaione nokha pa intaneti, ndi gawo la ndalama limene iye adzatenge. Akayamba ndi kukupemphani ndalama yolembetsera asanayankhe mafunso amenewa, muchokepo.

Pakadali pano, chimene mungachite mawa lomwe n'kuyamba kusunga umboni, chifukwa sungapezekenso miyezi ikadutsa. Funsani wantchito aliyense mmene ankayendera basi isanabwere, mtunda wake, mtundu wa galimoto ngati anali nayo, ndi amene akuigwiritsa ntchito tsopano. Dalaivala azilemba m'buku makilomita a pa mita m'mawa ndi madzulo, malita amene wathira, ndi chiwerengero cha okwera pa ulendo uliwonse, kuphatikizapo maulendo opanda anthu aja. Bukulo lidzakuonetsani ngati basi ikuyenda ndi mipando yambiri yopanda anthu, ngati njira yake ikulambalala dera limene kumakhala antchito ambiri oyendetsa magalimoto, kapena ngati basi yocheperapo ingakwanire. Mukalisunga miyezi itatu, mundilemberenso ndi manambalawo, mutachotsamo mayina a anthu, ndipo tidzawerengera limodzi matani enieni a basi yanu.