Kwa achimwene a kampani ya alonda ku Kasungu: pepala limodzi la inshuwalansi silikukwanirani

Achimwene, mwati muli ndi alonda 15, ena pa masitolo a pa boma, ena ku shedi ya fodya kufupi ndi Chinkhoma, ndipo mwini shediyo akufuna muwonetse pepala la inshuwalansi asanasaine kontrakiti. Anthu ena akukuuzani kuti mungogula public liability, inshuwalansi yolipira anthu apadera ntchito yanu ikawavulaza kapena kuwawonongera katundu, nkhani ithere pomwepo. Chonde musafulumire. Pepala limenelo litha kukupatsani ntchitoyo, koma tsiku lomwe mabelo adzasowe mudzapeza kuti silikukuthandizani.

Yambani ndi alondawo. Mbava zikabwera ndi zikwanje usiku, woyamba kukhapidwa ndi mnyamata wanu wa chibonga ndi tochi uja. Lamulo la Workers' Compensation la 2000 limaika udindo wa chipukuta misozi pa inu wolemba ntchito, ngakhale ngoziyo isakhale kulakwa kwanu. Munthu akafera pa ntchito, banja lake liyenera kulandira malipiro a miyezi 42. Akalumala moti sangadzagwirenso ntchito, ndi miyezi 54. Tengani malipiro a mlonda mmodzi muchulukitse ndi 42, kenaka mudzifunse ngati ndalama imeneyo mungaitulutse m'thumba mwezi umene makasitomala awiri sanakulipireni. Mukakhala ndi inshuwalansi ya ogwira ntchito, udindowo amasenza ndi a kampani ya inshuwalansi. Koma alembetseni onse, ndi malipiro awo enieni. Mlonda wa ganyu amene mwamuitana kuti agwirizire mnzake wapita kumaliro, akavulala dzina lake lisali pa ndandanda, mkangano wake ndi waukulu. Ngozi ikachitika kadziwitseni a ofesi ya Labour msanga, ndipo lipoti la dokotala mulisunge bwino chifukwa ndi limene limanena kukula kwa kulumala.

Palinso lamulo la penshoni, lomwe makampani ambiri ang'onoang'ono amalizemba: bwana amasonkha 10 peresenti, wantchito 5 peresenti, komanso bwana ayenera kumugulira wantchitoyo inshuwalansi ya moyo yokwana malipiro ake a chaka chimodzi. Zimandipweteka kuona mayi wamasiye wa mlonda akuyenda m'maofesi ndi mwana kumsana, bwana atazimitsa foni. Musadzakhale bwana wotero.

Tsopano za public liability ija. Imeneyi imalipira pamene ntchito yanu yavulaza munthu wapadera kapena kuwononga katundu wake: galu wanu waluma mwana wodutsa, geti lagwera galimoto ya mlendo. Ndi yofunika, makamaka ngati muli ndi agalu, ndipo muwauze a inshuwalansi kuti agalu alipo. Vuto ndi loti mapepala ambiri otere amachotsamo katundu amene ali m'manja mwanu kuti mumuyang'anire. Fodya wa m'shedi muja ndi katundu ameneyo. Ndiye kuti chinthu chenicheni chomwe akulemberani ntchito chikhoza kukhala kunja kwa pepalalo. Funsani mwachindunji kuti, mlonda wanga akagona tulo mabelo n'kubedwa, mulipira? Ngati akuti ayi, afunseni za professional indemnity, inshuwalansi yolipira kasitomala akaluza chifukwa cha kulakwitsa kwanu pa ntchito, kapena kuti awonjezere ndime yokhudza katundu wolonderedwa, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa. Funsaninso za mlonda amene wamenya munthu womuganizira kuti ndi wakuba, kapena kumutsekera m'chipinda mpaka kucha. Milandu yotere imafika kukhoti, ndipo si inshuwalansi iliyonse imene imaivomera.

Nanga wakubayo akakhala mlonda wanu yemwe? Tisanamizane, nyengo yokolola soya ndi mtedza mayesero amakula, ndipo matumba amatha kutuluka geti lili chitsekere. Zimenezi zili ndi inshuwalansi yakeyake yotchedwa fidelity guarantee. Pano tcherani khutu: ina imangolipira wantchito akakuberani inuyo, osati akabera kasitomala. Inu mukufuna yofika kwa kasitomala. A inshuwalansi adzafuna kuona kuti munawafufuza anthu anu musanawalembe, choncho fayilo ya mlonda aliyense ikhale ndi kope ya chiphaso cha unzika, kalata ya a mfumu ndi police clearance, kalata ya apolisi yonena ngati munthuyo ali ndi mbiri ya milandu.

Galimoto kapena njinga yamoto ya supavaiza woyendera malo usiku, inshuwalansi ya third party ndi lamulo, mukudziwa kale. Mungowauza zoona a inshuwalansi kuti ndi ya bizinesi. Zonyamula ndalama za anthu musayambe n'komwe popanda inshuwalansi yake.

Chimene ndingakupempheni kwambiri ndi ichi: kontrakiti ya mwini shedi musaisaine musanaiyike pambali pa pepala la inshuwalansi n'kuwerenga zonse ziwiri. Ngati kontrakiti ikuti mudzabweza chilichonse chosowa, pomwe inshuwalansi ili ndi malire, chotsalacho ndi chanu. Kambiranani kuti pakhale malire a zomwe mungalipire, ndipo mwini katunduyo akhale ndi inshuwalansi yake ya kuba ndi moto. Inu ndinu olondera, simungasanduke inshuwalansi ya fodya wa eni. Malire a inshuwalansi yanu muziwaonanso chaka ndi chaka. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene inkaoneka yokwanira inachepa mphamvu, pomwe mtengo wa katundu unakwera. Funsaninso za excess, ndalama imene mumayamba mwalipira nokha iwo asanaikepo yawo.

Kogula, tengani mitengo kuchokera kumakampani angapo monga NICO General, General Alliance, Britam kapena Reunion, kapena mudzere kwa broker, mkhalapakati wa inu ndi makampani a inshuwalansi. Onetsetsani kuti ali ndi chilolezo cha Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank, ndipo mukalipira mulandire risiti ndi pepala lenileni la kampaniyo. Osamangokhulupirira munthu wa chikwama amene akuti mapepala abwera sabata yamawa.

Ngati ndalama sizikukwana zonse nthawi imodzi, ine ndingayambe ndi ya alonda, kenaka ya katundu wa kasitomala, ndipo mtengo wake ndiuphatikize pa ndalama imene ndikutchaja pa mlonda aliyense pamwezi. Buku la OB, lomwe alonda amalembamo zochitika pamalo olondera, lizilembedwa usiku uliwonse, ndipo kukabedwa lipoti la apolisi litengedwe m'mawa mwake, chifukwa a inshuwalansi akabwera adzayamba kufunsa zimenezo.