Snow White wa Paula Rego simungamumvetse pa foni

Inu amene mukuti chithunzi cha Snow White, mtsikana wa m'nthano amene anadya apozi wapoizoni, n'chonyansa, bwanji sanamujambule wokongola, mwandipsetsa mtima ndithu. Paula Rego, mayi wa ku Portugal amene ankakhala ku London, anachijambula mu 1995, ndipo dala sanasankhe pamene mwana wa mfumu akubwera kudzapulumutsa mtsikanayo. Anasankha pamene apozi wapoizoni wangomutsamwa. Taonani bwino: wagwa pa sofa mutu pansi, dzanja lina lagwira pakhosi, linalo lakakamira siketi kuti asavulike. Munthu akufa, koma akuderabe nkhawa kuti anthu amuona bwanji! Diresi ndi lija la mu filimu ya Disney ya 1937, koma thupilo ndi la munthu wamkulu, lolemera, osati kachidole.

Komanso si penti ameneyo. Ndi pastel, choko chautoto, papepala lomatidwa pa aluminiyamu. Foni imasalaza zonse. Mukapeza ntchito yotere pamaso, imani kaye mamita 3 muone mmene thupi lagwera, kenako sunthirani pafupi muone mizere yosanjikizana, pena yopaka ndi chala, pena yokanda mwamphamvu.

Koma amene amandinyansa kwenikweni ndi ena oika mafelemu. Pastel ndi ufa wongokhala pamwamba pa pepala. Iwo amatenga galasi n'kulikanikiza pachithunzi, pakatha miyezi nkhope yonse yasamukira pagalasi, papepala pangotsala chimbuuzi. Ena amapopera mankhwala omatira ufawo mpaka pepala kunyowa, mitundu yowala n'kuda bii, osabwereranso. Ena amaika pulasitiki m'malo mwa galasi, ndiye mukangopukuta ndi nsalu, pulasitikiyo amakoka ufa ngati maginito. Kenako akuuzani kuti chinabwera chili chomwecho. Pakati pa galasi ndi pepala pazikhala mpata wa mamilimita 5 kapena kuposa, ponyamula chiziyang'ana kumwamba, ndipo musakhomerere misomali chithunzi chili m'kati.

Ine ndingati iwalani nthanoyo, muone chithunzi chokha. Ngakhale, werenganibe ya 1812 ya abale a Grimm, olemba nthano a ku Germany. Mmenemo amene anapereka apoziyo anali mayi ake omubereka, za mayi womupeza anazisintha mu 1819. Mukatero mubwererenso ku dzanja lija lili pakhosi.