Mwana wanga sakhazikika, ine mphamvu zatha

Adokotala, ndimakhala ku Chawama mu Lusaka ndipo ndimagulitsa tomato ku msika wa Soweto. Mnyamata wanga wa zaka 8 sakhala pansi, amamenya anzake, aphunzitsi amandiitana sabata iliyonse. Apongozi akuti ndinamulekerera, ena akuti analodzedwa. Tulo sindikuona, mutu umangowawa. Dzulo ndinamukwapula, kenako ndinalira ndekha. Kodi ndine mayi woipa?

Mayi, si ndinu woipa, mwatopa. M'kalata yanu ndikuona anthu awiri ofunika thandizo, ndipo ndiyamba ndi inuyo.

Munthu akakhala tcheru usana ndi usiku kwa miyezi yambiri, thupi limafooka: tulo timathawa, mutu umawawa, mtima umapsa ndi kanthu kakang'ono. Pitani ku chipatala cha Chawama mukayezetse BP ndi kuchuluka kwa magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi nakonso kumafooketsa. Mukawauze zonse, ngakhale za kulirako. Ngati chisoni chadutsa masabata 2, chakudya sichikukoma, ndipo zimene zinkakusangalatsani mulibe nazo chidwi, angakhale matenda a maganizo, ndipo amachizika. Ambiri akamva za Chainama, chipatala cha matenda a maganizo, amachita mantha, koma kumeneko kumapitanso anthu ongofuna uphungu n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Maganizo odzivulaza kapena ovulaza mwana akakufikirani, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Nambala ya foni ya 116, yothandiza pa nkhani za ana, ndi yaulere.

Za mnyamatayo, zimene mwafotokoza zikufanana ndi ADHD, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limavutitsa mwana kuika maganizo pa chinthu chimodzi ndi kudziletsa. Si ufiti. Komabe ayenera kuonedwa, chifukwa kusamva bwino m'makutu, khunyu kapena kuzunzidwa ndi anzake zimasinthanso khalidwe. Pemphani kalata yopita ku chipatala cha ana ku UTH, chipatala chachikulu cha mu Lusaka.

Chikwapu chisiyeni. Lamulo la ana la Zambia la 2022 limachiletsa, komanso chimangowonjezera ukali wake. Muzimuuza chinthu chimodzi pa nthawi, mukumuyang'ana m'maso, ndipo akachita bwino muyamikireni pomwepo. Mkwiyo ukakwera, tulukani panja kaye.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti simunatchule aliyense wokuthandizani. Musangonena kuti mwatopa, anthu amangokupepesani. Pemphani chinthu chenicheni: bambo ake, achemwali anu kapena mayi wa kumpingo amutenge Loweruka masana, inu mugone. Tsiku la ku UTH mutengane ndi apongozi, akamve okha kwa dokotala.