Adokotala akufuna special forces, ayambire pati?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa dokotala wina wachinyamata, dzina ndisunga. Anaphunzira ku College of Medicine konkuno ku Blantyre, internship anapangira ku Queens, kenako analowa usilikali. Akuti akufuna akayese selection, mayeso osankhira olowa special forces, gulu la asilikali a ntchito zapadera, ndiye akufunsa kuti awonjezere makosi ati kuti akawaposere anzawo.

Adokotala, ndikuuzeni mosapsatira, ku selection kulibe amene akakufunseni za digiri. Oyesa aja amafuna aone ngati mungasenze chikwama cholemera, kuyenda usiku ndi mapu ndi kampasi basi, tulo mulibe, njala ikuwawa, koma mutu ukugwirabe ntchito ndipo simukukalipira anzanu. Ku Britain ofuna kulowa SAS, special forces ya kumeneko, amakawayesa ku mapiri a Brecon Beacons ku Wales, ulendo womaliza ndi makilomita 64 m'maola 20, kumsana kuli katundu wa makilo pafupifupi 25, mfuti ili m'manja. Mu July 2013 asilikali atatu anamwalira komweko ndi kutentha, ndiye musamaone ngati ndi masewera.

Komanso dziwani chomwe mukufuna. Ku America ma medic otchuka a Special Forces, aja amati 18D, si madokotala ayi, ndi masajeni omwe anadutsa kaye selection ngati wina aliyense kenako n'kuphunzira zachipatala, pomwe dokotala weniweni amakhala wa battalion yonse. Ndiye kafunseni a CO anu, mkulu wa gulu lanu la asilikali, kuti kwa ofisala wachipatala njira yotseguka ndi iti, musanakhetse thukuta chaka chonse.

Pa thupi pamenepa ndi pomwe madokotala ambiri mumagwera, musakhumudwe. On call usiku onse, mmawa chipisi cha pachiwaya ndi Fanta, kenako mukuti mwina ndikalowa jimu miyezi iwiri zitheka. Jimu siisenza chikwama. Ndinakwerapo Michiru ndi mnyamata wina wa zifuwa zake, mikono ngati mitondo, tisanafike ndi theka lomwe anakhala pamwala n'kuvula jombo, sokosi itamatirira ku chidendene, matuza ataphulika kale, akungoyang'ana kumwamba osayankhula. Yambani ndi makilo 10, jombo zomwezo zomwe mudzavale, Michiru kapena Ndirande kawiri pa sabata, kulemera muziwonjezera pang'onopang'ono chifukwa stress fracture, kung'aluka kwa fupa polilemetsa mobwerezabwereza, mukuidziwa bwino kuposa ine. Mukalimba pitani ku Mulanje, Sapitwa ndi mamita 3,002, ndipo chiperoni chikatsika simuona ngakhale mnzanu ali patsogolo, mapu mudzaphunzira bwino pamenepo. Koma musapite nokha, tengani gaidi.

Chinanso, ichi ndiye ndikunenetsa, musamadzipatse nokha mankhwala kuti mubise kuvulala. Diclofenac pa thupi louma madzi, minofu itaphwanyika ndi ulendo, ndi impso zanu zomwe mukuziika pachiswe.

Udokotala wanu ukagwira ntchito pokhapokha ukakhala wa kutchire. Ku wodi muli ndi magetsi, manesi, labu, X-ray. Kuja muli ndi kachikwama kamodzi ndi tochi. Phunzirani TCCC, kathandizidwe ka ovulala kunkhondo, mpaka MARCH, ndondomeko yake ya zoyamba kuchita, ikhale m'magazi, kuyamba ndi kutaya magazi kwambiri kenako njira ya mpweya, ndipo tourniquet, lamba woletsa magazi kutayika, muzitha kuimanga mumdima ndi dzanja limodzi mutangotha kuthamanga. Ganiziraninso zosunga wovulala maola ambiri helikopita isakubwera. Mpata wa mashifti a ovulala pangozi ukapezeka musaukane, a njinga za kabaza okha akukwanirani kuphunzirira. Kumbukirani Private Chancy Chitete, mu November 2018 pafupi ndi Beni ku DRC, anakoka msilikali wa ku Tanzania wovulala zipolopolo zikuvumba, akumuthandiza iye mwini n'kuwomberedwa, ndipo United Nations inamupatsa mendulo ya Captain Mbaye Diagne mu 2019 atamwalira kale. Sanali dokotala.

Ubwana usiyeni pageti. Ofisala amamuyang'anitsitsa kuposa ena, ngati akusenza nawo, ngati akudya pomaliza, ngati akumvera kopolo amene akudziwa njira. Ndiye Loweruka likubwerali dzukani 4 koloko, ikani mabotolo a madzi m'chikwama mpaka sikelo iwerenge 10, mukwere Michiru, mundilembere nthawi yomwe mwatenga ndi mmene zidendene zilili.