Funsani Akatswiri: Madzi mu OpenFOAM Akuyenda Ngati Uchi

Funso: Ndikuyesa pa kompyuta kayendedwe ka madzi mu paipi yosalala ya mamilimita 50 m'mimba mwake, pa liwiro la mita imodzi pa sekondi, ndi simpleFoam ya OpenFOAM, pulogalamu yoyesera kayendedwe ka madzi ndi mpweya. Pa viscosity ndinalemba 0.001 monga zilili m'buku. Madziwo akuyenda mwaulesi ngati uchi, pomwe mnzanga analemba nambala yomweyo mu pulogalamu ina ya ANSYS Fluent zinthu nkumuyendera bwino. Ndalakwitsa pati? Wophunzira uinjiniya, Blantyre

Yankho: Nambala yanu ndi yoona, koma mwailemba posayenera. Viscosity, komwe ndi kukana kuyenda kwa chinthu chamadzimadzi, imayezedwa m'njira ziwiri. Dynamic viscosity, ya chizindikiro cha mu, ili mu Pa·s, ndipo ya madzi pa 20°C ndi pafupifupi 0.001. Kinematic viscosity, ya chizindikiro cha nu, ili mu m²/s, ndipo mumaipeza pogawa mu ndi density, komwe ndi kulemera kwa chinthucho pa m³ iliyonse. Madzi amalemera makilogalamu 998 pa m³, kotero nu yawo ndi pafupifupi 0.000001.

Fluent imafuna mu, mu kg/m·s, womwe ndi muyezo umodzi ndi Pa·s, ndipo density mumailemba payokha. Koma simpleFoam, icoFoam ndi pisoFoam zinagawiratu masamu ake onse ndi density, ndiye zimafuna nu. Tsegulani fayilo ya transportProperties mu foda ya constant, kapena physicalProperties ngati muli ndi OpenFOAM ya Foundation yatsopano, mulembe 1e-06 (kutanthauza 0.000001) pa nu. Pomwe miyezo yalembedwa mudzaona 0 2 -1 0 0 0 0, kutanthauza m²/s. Pulogalamuyo imaona miyezo yokha, siingadziwe kuti nambala mwaitenga pa tebulo lina.

Onani zomwe zachitika. Reynolds number ndi liwiro kuchulukitsa ndi m'mimba mwa paipi, kugawa ndi nu. Ya madzi anu iyenera kukhala 50,000, madzi ovunduka ndithu, popeza m'paipi bata limayamba kutha cha pa 2,300. Ndi 0.001 ija mwapeza 50 yokha. Pressure (mphamvu yokankha madzi) yotayika pa mita iliyonse ya paipi imayenera kukhala pafupifupi 210 Pa, koma yanu yafika cha pa 12,800 Pa.

Mukakonza zimenezi pali msampha wina. Mu simpleFoam, p, yomwe ndi pressure, nayonso ndi yogawidwa kale ndi density, ili mu m²/s². Mukaona 0.21 musadabwe, ichulukitseni ndi 998 kuti mupeze ma Pa oyerekeza ndi a mnzanuyo. Powerengera forces, density yeniyeni ilembeni pa rhoInf.

Ife timati mwachita mwayi kuti ndi madzi, chifukwa cholakwa cha kuchulukitsa ka 1,000 chimaonekera patali. Mpweya ndiye umabisa. Pa 20°C mu yake ndi 1.8e-05 ndipo nu ndi 1.5e-05, chifukwa density yake ndi 1.2 basi. Mukazisinthanitsa zithunzi zimaoneka bwinobwino, koma Reynolds number yasokonekera kale ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Nchifukwa chake muziwerengera Reynolds number pa pepala musanayambe.

Funso: Pa mgolo wa oyilo wa hydraulic palembedwa ISO VG 46. Mu Fluent ndilembe 46? Makaniko wa mapampu, Lilongwe

Yankho: Ayi bambo. 46 ameneyo ndi kinematic viscosity mu centistokes (cSt), pa 40°C. Centistoke imodzi ndi 1 mm²/s, kapena 0.000001 m²/s, choncho nu ndi 0.000046 m²/s. Ichulukitseni ndi density ya oyiloyo, yomwe ili pa pepala la kampani yopanga. Ikakhala 870, mupeza pafupifupi 0.040 kg/m·s, ndipo ndiyo mulembe mu Fluent. Pepala likapereka centipoise, imeneyo ndi dynamic kale, ingogawani ndi 1,000.

Samalaninso kutentha. Viscosity ya oyilo imatsika msanga akatentha, ndipo wa VG 46 amatsika kufika pa 7 cSt kapena kuchepera pang'ono pa 100°C. Ngati pampu yanu imagwira ntchito oyilo ali pa 60°C, tengani viscosity ya pa 60°C pa tchati cha kampaniyo.