Funsani Mkonzi: Ndikangonyamuka akundigwetsa, ndikulakwitsa pati?

FUNSO: Akulu, ndimasewera DCS World, gemu ya pakompyuta youlutsa ndege zankhondo, ndimaulutsa ndege ya F-15C. Ndikakhala ndekha zimayenda bwinobwino mpaka kutera pa bwalo la ndege la Batumi osaswa ndege, koma ndikangolowa pa seva ndi anthu ena basi ndimangomva RWR, kachipangizo kochenjeza kuti radar ya wina yandiona, ikulira kenako ndege yayaka, mdaniyo osamuona nkomwe. Dzana ndinawombera ndege ina ndi mzinga wa AIM-120 ndikusangalala, kupeza kuti ndi ya gulu lathu lomwe, ndiye anandithamangitsa pa seva. Vuto ndi neti yathuyi kapena? Wowerenga wa ku Lilongwe.

YANKHO: Achimwene, neti isiyeni kaye, vuto lanu ndilakuti mukumenya nkhondo nokhanokha pomwe anzanuwo akulankhulana. Ambiri pa maseva amagwiritsa ntchito SRS, pulogalamu yaulere ya wailesi, amauzana kuti mdani ali mbali iti, mtunda wanji komanso wakwera bwanji, ndiye inuyo mukamabwera chete iwo anakuonani kalekale. Ikani SRS, pezani mnzanu mmodzi woti muziuluka naye, ndipo ngati seva ili ndi AWACS, ndege ya radar yolondera mumlengalenga, muzifunsa "bogey dope", kutanthauza kuti akuuzeni komwe kuli mdani wapafupi, musanalowe pakati pa moto.

Za mnzanu munamugwetsayo nzomwe ndikufuna mumvetse bwino chifukwa zimapweteka, munthu wakonzekera, wauluka mtunda wonsewo kenako nkuphedwa ndi wakwawo. Pa radar ya F-15C anzanu amaoneka ngati kadontho kozungulira, enawo timakona anayi, muziyang'ana kaye musanadine. Koma ngakhale mwaloka mdani weniweni pa radar, AIM-120 ili ndi radar yakeyake yomwe imayatsa ikayandikira, ndipo ikayatsa siifunsa kuti uyu ndi wa gulu liti, imathamangira chomwe yapeza kutsogolo kwake. Ndiye mnzanu akakhala kuti wagwirana ndi mdani akuzungulirana pafupipafupi, musaponyemo, chonde. Ndipo mukaponya AIM-120 kulikonse nenani "Fox 3" pa wailesi kuti amene ali kutsogolo adziwe.

Pomwe RWR yalira musapitirize kulunjika ngati simunamve. Kachipangizo kameneka kamakuuzani mbali yomwe radar ikuchokera, mtunda weniweni ayi. Khotani kuti mdaniyo akhale kuphiko lanu, pa 3 kapena 9 koloko, tsikani pansi mukutaya chaff, tizitsulo tosokoneza radar, njira imeneyi anthu amati notch. Zimagwira chifukwa radar zimenezi zimasefa zinthu zomwe sizikuyandikira kapena kutalikira kuti zisasokonezeke ndi nthaka, ndiye inuyo mumasowa limodzi ndi nthakayo. Sikuti nthawi zonse mupulumuka ayi, nthawi zina chanzeru nkutembenuka kuthawa basi, mukabwereranso bwino. Mapiri a pa mapu a Caucasus aja agwiritseni ntchito, radar siiona kuseri kwa phiri.

Ine ndikanakonda muyambire pa maseva a PvE komwe anthu nonse muli mbali imodzi mukumenyana ndi kompyuta, kumeneko mumaphunzira kulankhula pa wailesi popanda wina kukusakani. Ndege ya Su-25T ija Eagle Dynamics, eni gemuyi, amapereka ulere musaipeputse, ndi yolemera komanso yochedwa inde koma kuphwanya akasinja ndi mizinga ya Vikhr mnzanu akukulonderani pamwamba kumaphunzitsa kudalirana kuposa kuthamangira dogfight, nkhondo yozungulirana ndi mdani pafupipafupi. Mukapeza kangachepe ikaninso head tracking, njira yoti gemu izitsatira mutu wanu mukatembenuka, pulogalamu ya OpenTrack ndi yaulere ndipo imatheka ndi webcam wamba, kutembenuza mutu nkumuona mdani kumasintha zambiri.

Tsopano neti. Imakhudza ndithu, ping, yomwe ndi kuchedwa kwa neti pakati pa inu ndi seva, ikakwera ndege za ena zimadumphadumpha ndipo maseva ena amakutulutsani okha. Sankhani a ku Europe kusiyana ndi a ku America, lumikizani ndi kebulo osati WiFi, ma update aja ndi akuluakulu ndiye dikirani bandulo ya usiku. Eni seva anakuthamangitsaniwo alembereni pa Discord yawo, pulogalamu yochezerana ija, mupepese mosazungulira, nenani kuti ndinu watsopano, ambiri amamvetsa.