Amuika pa probation ku America: kodi sukulu yatha?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Dzina ndabisa, nkhani ndaifupikitsa. Mayiwa analera mwana wa malemu achimwene awo, mtsikana amene anakhoza bwino MSCE n'kupeza sikolashipu yolipira theka la fizi pa yunivesite ina kuno ku America. Wamaliza chaka choyamba. Chaka chonsechi akamufunsa ankangoti "zili bwino, azakhali," mpaka mwezi uno pamene watumiza pa WhatsApp chithunzi cha kalata yonena kuti GPA yake, avereji ya magiredi ake, ndi 1.6 ndipo amuika pa academic probation, chenjezo lakuti sakukhoza mokwanira. Iye akuti semesita ikubwerayi akufuna kusiya makosi awiri ovuta kuti atsale ndi awiri okha. Funso la mayiwa ndi lakuti: "Kodi amuchotsa sukulu? Timugulire tikiti azibwera, kapena timulole achepetse makosiwo?"

Mayi, sanamuchotse, ndipo tikiti musagule. Koma za kuchepetsa makosizo asayerekeze n'komwe asanaonane ndi ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja. Kalatayo si yoopsa kwenikweni. Choopsa ndi njira imene iye wasankha yothawira kalatayo.

Tiyambe ndi 1.6 imeneyo. Kuno kosi iliyonse ili ndi kulemera kwake, amati makirediti, kawirikawiri 3, kapena 4 ikakhala ya sayansi yokhala ndi labu. Giredi nayo ili ndi mapointi: A ndi 4, B ndi 3, C ndi 2, D ndi 1, F alibe kalikonse. Musasokoneze ndi mapointi a MSCE amene ochepa ndiwo abwino. Kuno ochuluka ndiwo abwino. Amachulukitsa mapointi a kosi ndi makirediti ake, n'kuphatikiza zonse, n'kugawa ndi makirediti onse. Mayunivesite ambiri amafuna kuti wa digiri yoyamba asatsike pa 2.0, ndipo wa masitazi asatsike pa 3.0.

Mwina mukudabwa kuti mwana amene ankatenga nambala wani ku sekondale wafika bwanji pamenepa. Kawirikawiri sikuti mutu wasiya kugwira. Kwathu mwana akapeza 65 amabwera kunyumba akumwetulira. Kuno, m'makalasi ambiri, A amayambira pa 90, B pa 80, C pa 70, ndiye 65 ndi D. Chachiwiri, giredi saipanga ndi mayeso omaliza okha. Amaitolera pang'onopang'ono sabata ndi sabata: timayeso ta mphindi khumi, homuweki yotumiza pa intaneti imene ikadutsa nthawi kompyuta siilandiranso, malipoti a labu, mwinanso kulankhula m'kalasi. Mwana wozolowera kugona pa mabuku mayeso atayandikira amadzadzimuka mu Novembala theka la malikisi litapita kale. Ndipo masapu, mayeso obwereza aja amene timadalira m'makoleji a kwathu kuno sapezeka. Ukagwa kosi, umaibwereza yonse, ndi fizi yomwe.

Probation ndi chenjezo lokhala ndi nthawi yake. Mwana amapitiriza kulowa m'kalasi, koma amapatsidwa semesita imodzi, kwina ziwiri, kuti GPA ibwerere pa 2.0. Nthawi zambiri amamuikira malire a makirediti amene angatenge, ndipo kompyuta imamukaniza kulembetsa makosi mpaka ataonana ndi mlangizi wa maphunziro. Akalephera kukwera, amamuimitsa semesita imodzi kapena chaka. Akabwerera n'kugwanso, ndiye kuchotsedwa. Masukulu ambiri ali ndi kachifundo kakuti ngati GPA yonse sinafike 2.0 koma ya semesita imeneyo yokha yafika, amamulola kupitiriza akadali pa probation. Yunivesite iliyonse ili ndi malamulo akeake, olembedwa m'buku lotchedwa catalog pa webusaiti yawo. Kalata wakutumiziraniyo muiwerengenso modekha, muone nambala imene akufuna ndi nthawi imene amupatsa.

Tsopano tiwerengetsere limodzi. Tinene kuti chaka choyamba anatenga makirediti 30. GPA ya 1.6 ndi mapointi 48, pamene 2.0 imafuna 60. Ali ndi ngongole ya mapointi 12. C sabweza ngongole imeneyi, amangoletsa kuti isakule. B amabweza pointi imodzi pa kirediti iliyonse, A amabweza ziwiri. Akatenga makirediti 12 atsopano, ayenera kupeza B pa kosi iliyonse kuti afike 2.0 ndendende. Akatsala ndi makosi awiri monga akufuniramo, makirediti 6, afunika A pa onse awiri. Mwaona kuti ngakhale pa masamu okha maganizo akewo akumupanikiza yekha.

Njira yachidule ili m'makosi omwe akuwathawawo. Mayunivesite ambiri amalola kubwereza kosi, giredi yatsopano n'kulowa m'malo mwa yakale powerengera GPA, ngakhale F uja amaonekabe papepala. Ngati anagwa Chemistry ya makirediti 4, n'kuibwereza n'kupeza B, mapointi 12 onse abwera pa kosi imodzi yokhayo, ndipo pa makosi enawo C akwanira. Kosi yoti unaionapo kale, ukudziwa pamene inakugwetsera, siivuta ngati poyamba. Koma afunse kaye, chifukwa masukulu ena amaphatikiza magiredi onse awiri, ena amaika malire a makosi amene ungabwereze motere.

Imeneyo ndi nkhani ya ofesi imodzi, ya maphunziro. Vuto ndi lakuti a ndalama ali ndi buku lawo, a viza ali ndi lawo, ndipo chimene chikukonza buku limodzi chimatha kuononga linalo.

Boma la America lili ndi lamulo lotchedwa Satisfactory Academic Progress, mwachidule SAP, lomwe analikhwimitsa mu Julayi 2011. Limati wolandira thandizo la boma pa sukulu aziyezedwa osati pa GPA pokha, komanso pa liwiro. Asapitirire 150 peresenti ya makirediti a digiri yake: digiri ya makirediti 120, malire ndi 180, kuphatikizapo amene anagwa ndi amene anasiyira panjira. N'chifukwa chake masukulu amafuna kuti uzimaliza pafupifupi 67 peresenti ya zonse zimene walembetsa. Ndi 120 pa 180 uja. Mwana wanu ali pa viza ya ophunzira ya F-1, choncho ndalama za boma zodzera pa fomu ya FAFSA salandira. Zimenezo n'za nzika, a green card ndi ena ochepa. Koma masukulu ambiri amatenga muyezo womwewo poona thandizo lochokera m'thumba mwawo, ndipo sikolashipu zopatsidwa chifukwa chokhoza bwino zimakonda kufuna GPA yoposa 2.0, ina 2.5, ina 3.0. Mwana akhoza kuchoka pa probation, mlangizi n'kumugwira chanza, sikolashipu n'kupitabe.

Apa mpamene malangizo a anzake a m'hosteli amapweteka. Kosi imene wasiya semesita ili mkati imalembedwa W, ndipo W sakhudza GPA, ndiye aliyense amamuuza kuti "ingosiya." Koma kwa a ndalama, W ndi kosi imene analembetsa osaimaliza. Wolembetsa makirediti 30 n'kumaliza 18 ali pa 60 peresenti, wagwa kale pa liwiro ngakhale magiredi otsalawo akhale okongola chotani. Mumuuze afukule kalata yoyamba ija ya sikolashipu, imene munavina nayo itafika. Zofunika kuti ndalamayo ipitirire zinalembedwa mmenemo, mwina m'timalembo ting'onoting'ono ta pansi.

Za viza ndiye zosaseweretsa. Wophunzira wa digiri yoyamba pa F-1 ayenera kukhala ndi makirediti osachepera 12 pa semesita, ndipo pa 12 amenewo, a makalasi a pa intaneti owerengedwa ndi 3 okha. Pa yunivesite iliyonse yolandira ana a kunja pali munthu wotchedwa DSO, amene amasaina pepala la I-20, lotsimikizira kuti mwana ndi wophunzira wa pa sukulupo, ndi kulemba zonse za mwanayo mu kompyuta ya boma yotchedwa SEVIS. Mwana akatsika pansi pa 12 DSO asanavomereze, waswa lamulo la viza yake, ngakhale mlangizi wa maphunziro atamulola ndi mtima wabwino. Alangizi ena amazolowera ana a konkuno, amene kutenga makosi awiri si mlandu, ndiye saganizira za viza pokhapokha mwanayo atatchula yekha. Safunsa anadya phula, mayi.

Chilolezo chochepetsa makosi chilipo, koma khomo lake ndi lopapatiza. Pa zovuta za maphunziro chimaperekedwa kamodzi kokha pa digiri yonse, makirediti osatsika pa 6, ndipo zifukwa zake n'zowerengeka: kuvutika ndi Chingerezi kapena kuchuluka kwa zowerenga pamene wangofika kumene, kusazolowera kaphunzitsidwe ka kuno, kapena kuikidwa m'kosi yoposa msinkhu wake. "Ndikufuna kukweza GPA" si chifukwa chovomerezeka. Khomo lina ndi la matenda, lomwe limafika miyezi 12 yonse pamodzi, ndipo limafuna kalata ya dokotala kapena katswiri wa za maganizo. Limeneli ndikufuna muliganizire. Mwana wa ku Zomba amene akuona dzuwa likulowa nthawi ya 5 koloko isanakwane m'miyezi yozizira, kunja kuli chisanu, alibe woyankhula naye Chichewa, akhoza kudwala maganizo iye osadziwa kuti akudwala. Amangoti ndatopa, n'kumagona masana, makalasi akudutsa. Masukulu ambiri ali ndi aphungu a zimenezi, kawirikawiri osalipiritsa. Kupitako si misala.

Pali chinanso chimene ana ambiri amadzachidziwa mochedwa. Pa I-20 pali tsiku limene akuyembekezeka kumaliza digiri. Likhoza kutalikitsidwa pa zifukwa monga kusintha maphunziro kapena matenda, koma lamulo limanena poyera kuti kuchedwa kobwera chifukwa cha probation kapena kuimitsidwa si chifukwa chovomerezeka. Choncho makirediti amene anataya ayenera kuwabweza nthawi ikadalipo, mwina pa makalasi a m'tchuthi chachikulu cha Juni ndi Julayi. Ena amakatenga makosi otsika mtengo ku community college, makoleji a zaka ziwiri, koma azidziwa kuti kawirikawiri makirediti okha ndiwo amasamuka, giredi siilowa mu GPA ya yunivesite yake.

Zikavuta mpaka kuimitsidwa, nzika ya kuno imangopita kwa makolo ake kukadikira. Wa F-1 alibe mwayi umenewo. Womaliza digiri amapatsidwa masiku 60 oti akonzekere kunyamuka, wosiya sukulu DSO atamuvomereza amapatsidwa 15, koma amene rekodi yake yatsekedwa chifukwa choimitsidwa sapatsidwa masiku. Chimene chimapulumutsa ena ndi kupeza malo msanga pa sukulu ina yololedwa kulandira ana a kunja, DSO n'kusamutsa rekodiyo isanatsekedwe. Akabwerera kumudzi n'kukhala miyezi yoposa isanu, kawirikawiri amayambiranso: I-20 yatsopano, madola 350 a SEVIS, ndipo ngati viza yatha, kukaimanso pa mzere ku ofesi ya kazembe ku Lilongwe, kumene palibe amene angakulonjezeni kuti aipereka.

Apilo nayo ilipo, ya kuimitsidwa payokha, ya ndalama payokha, ndipo masiku olembera amakhala ochepa. Makalata a apilo olembedwa ndi ana athu amakonda kudzaza ndi kupepesa ndi kulonjeza kuti "ndilimbikira." Komiti siyang'ana misozi. Imafuna kumva chimene chinachitika, umboni wake, ndi chimene chasintha. "Mu Okutobala ndinadwala masabata atatu, kalata ya chipatala nayi. Tsopano ndachepetsa maola a ganyu kuchoka pa 20 kufika pa 10, ndikubwereza Chemistry, ndipo Lachiwiri lililonse ndikumapita kwa wothandiza masamu." Kalata yotere imamveka.

Ndatchula ganyu dala. Lamulo limalola wa F-1 kugwira ntchito pa sukulu pomwepo maola osapitirira 20 pa sabata makalasi ali mkati, ndipo ntchito ya kunja popanda chilolezo ndi mlandu wina wothetsa viza. Ana ambiri amadzaza maola 20 onsewo kutsuka mbale m'kafiteriya chifukwa theka la fizi lija likuwasowetsa tulo, komanso chifukwa foni ya kumudzi siisiya kulira: feteleza, maliro, fizi ya mng'ono wake. Sindikunena inu, mayi. Koma pa abale pamakhala wina amene amaganiza kuti aliyense wotsika ndege ku America wayamba kale kutola madola. Ameneyo mukambe naye ndinu, mwanayo sangathe kukaniza amalume ake.

Mwina mukuganiza zoimbira foni ku yunivesiteko kuti mumve nokha. Sakuuzani kanthu. Lamulo la FERPA la 1974 limati mwana akalowa koleji, magiredi ndi chinsinsi chake, ngakhale fizi mukulipira ndinu, pokhapokha iye asaine fomu yokulolani. Zonse muzimva kwa iyeyo, ndiye mukamukalipira lero, semesita yamawa mudzamvanso "zili bwino, azakhali." Anabisa chaka chonse chifukwa cha manyazi, podziwa zimene munadzimana kuti akwere ndege. Poti kalatayo watumiza yekha, muyambire pamenepo. Mumufunse kosi iliyonse ndi giredi yake, mmene akugonera, zimene akudya, maola amene akugwira ntchito, ndiponso ngati anapitako ku ofesi ya mphunzitsi aliyense. Aphunzitsi a kuno amakhala ndi maola oikika sabata iliyonse odikira ophunzira, chitseko chili chotsegula, koma ana athu oleredwa kuti wamkulu sam'vutitsa amadutsa pakhomopo mwaulemu mpaka kugwa.

Semesita ikayamba pamakhala sabata imodzi kapena ziwiri zokha zosinthira makosi popanda W. Choncho alembere mlangizi wa maphunziro, a sikolashipu ndi DSO sabata ino, makalasi asanatsegulidwe, ndipo chilichonse chimene amuuze pakamwa apemphe kuti amulemberenso pa imelo.